KACHIROMBO KA HIV: KUDZIWA NDIWO MOYO

MAWU OYAMBA



Mwamaliza maphunziro a sukulu ya Kwacha. Tsopano mukutha kulemba dzina lanu. Simudindanso chala papepala. Mukutha kuwerenga kalata, mtengo wa feteleza ndiponso manambala a pasikelo pogulitsa soya ndi mtedza. Koma khasu losalimira limachita dzimbiri. Kuwerenga nakonso n'chimodzimodzi. Kabuku kano talemba kuti muziwerenga tsiku ndi tsiku, musaiwale zimene munaphunzira.

Ine ndakhala ndikuyendera makalasi m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi kwa zaka zambiri. Tsiku lina titaweruka, mayi wina anatsalira m'mbuyo. Anzake atapita, anamasula mpango natulutsa kabuku kake ka kuchipatala. Anati, "Aphunzitsi, ine ndimamwa mankhwala a HIV. Kale sindinkatha kuwerenga tsiku lokatenga mankhwala. Kufunsa mwana wa mnansi ndinkachita manyazi, poopa kuti nkhani ifala m'mudzi. Tsiku linkadutsa, mankhwala n'kutha. Koma taonani, lero ndikuwerenga ndekha." Analoza ndi chala, nawerenga tsiku ndi mwezi womwe, osaphonya.

Tsiku limenelo ndinaona kuti kuwerenga kumasunga moyo. N'chifukwa chake kabuku kano kakunena za kachirombo ka HIV.

Werengani phunziro limodzi pa tsiku. Werengani pang'onopang'ono. Mukapeza mawu ovuta, funsani mlangizi wanu kapena mnzanu. Safunsa anadya phula. Mukamaliza phunziro, yankhani mafunso ali m'munsi mwake.

PHUNZIRO 1: KODI HIV NDI EDZI N'CHIYANI?

Anthu ambiri amaganiza kuti HIV ndi Edzi n'chinthu chimodzi. Iyayi. Tiyeni tione kusiyana kwake.

HIV ndi kachirombo. Ndi kakang'ono kwambiri, sikaoneka ndi maso. Kamakhala m'magazi ndi m'madzi ena a m'thupi la munthu.

M'magazi mwathu muli asirikali ang'onoang'ono. Ntchito yawo ndi kumenyana ndi matenda. Achipatala amawatcha CD4. Asirikali amenewa akakhala ambiri, thupi limadziteteza bwino. Chimfine chikabwera, sichichedwa kutha. Chironda chikabwera, chimapola.

Kachirombo ka HIV kakalowa m'thupi, kamalowa m'kati mwa asirikali aja. Kamaswana m'menemo, kenaka kamawapha. Chaka ndi chaka asirikali amachepa.

Nonse mumamudziwa nankafumbwe. Amalowa m'chimanga mwakachetechete. Thumba kunja likuoneka lodzaza bwino. Koma mukadzalimasula mwezi wa Januwale, mupeza gaga yekhayekha. Kachirombo ka HIV kamachita chimodzimodzi. Munthu angathe kukhala nako zaka zisanu, mwinanso khumi, osadziwa. Akulima, akupalasa njinga, ali wonenepa bwinobwino. Koma m'kati asirikali akutha.

Asirikali akachepa kwambiri, matenda osiyanasiyana amalowa monga mbuzi m'munda wopanda mpanda. Munthu amatsokomola nthawi yaitali. Amatsegula m'mimba kawirikawiri. Amatuluka zironda m'kamwa. Amaonda. Ambiri amadwala chifuwa chachikulu cha TB. Apa ndi pamene timati munthu ali ndi Edzi.

Choncho HIV ndi kachirombo. Edzi ndi matenda amene amabwera kachiromboko kakamaliza asirikali. Munthu amene akumwa mankhwala bwino angathe kukhala ndi HIV mpaka kukalamba, osafika pa Edzi.

Chinthu china. Makolo athu anatiuza za tsempho ndi kanyera. Munthu akaonda ndi kumatsokomola, ena amafulumira kunena kuti wasemphedwa. Ena amati walodzedwa. Miyezi imatha akufuna mankhwala a zimenezo, pamene kachirombo kakupitiriza ntchito yake. Musaweruze ndi maso. Choyamba pitani naye kuchipatala akayezedwe magazi.

Mafunso:
1. Kodi HIV n'chiyani?
2. Kodi asirikali a m'thupi amagwira ntchito yanji?
3. Kodi munthu wonenepa angakhale ndi HIV?

PHUNZIRO 2: KUMENE TACHOKERA

Madokotala anayamba kuona matenda a Edzi ku America m'chaka cha 1981. Mu 1983 akatswiri a ku France anapeza kachirombo kamene kamayambitsa matendawa. Kuno ku Malawi, munthu woyamba anapezeka nako mu 1985.

Achikulire mukukumbukira zaka zotsatira. Maliro anali pafupifupi sabata iriyonse. Anthu ankati kaliwondewonde, ena magawagawa. Dzina lenileni sankalitchula pamaliro. Aphunzitsi, alimi, anamwino ndi amalonda anapita. Agogo anatsala ndi adzukulu. Mankhwala kunalibe. Wopezeka nako ankangodikira tsiku.

Chifukwa cha mantha, anthu ankathamangira chirichonse. Mu 1995 anthu zikwizikwi anakhamukira ku Machinga kukamwa mchape wa a Billy Chisupe. Ankakhulupirira kuti achira. Koma mchape sunachotse kachirombo, ndipo maliro sanaleke.

Atsogoleri ena anathandiza kuthetsa manyazi. Mu 1987 a Kenneth Kaunda, amene anali pulezidenti wa Zambia, anauza anthu poyera kuti mwana wawo anamwalira ndi Edzi. Mu 2004 a Bakili Muluzi, ali pulezidenti wa dziko lino, ananenanso poyera kuti mbale wawo anamwalira ndi matenda omwewa.

Tsopano werengani zaka izi mokweza:

2001: Boma linakhazikitsa bungwe la National AIDS Commission.
2004: Mankhwala a ARV anayamba kuperekedwa mwaulere m'zipatala za boma.
2011: Mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene ali ndi HIV anayamba kupatsidwa mankhwala a moyo wake wonse. Malawi ndiye anayamba njira imeneyi, maiko ena anatengera kuno.
2016: Aliyense wopezeka ndi HIV anayamba kupatsidwa mankhwala osadikira kuti adwale.
2019: Anthu ambiri anasinthidwa kupita ku mankhwala atsopano amphamvu, piritsi limodzi pa tsiku.

Lero m'Malawi muli anthu pafupifupi miliyoni imodzi amene ali ndi HIV. Kafukufuku wa boma wa 2020 ndi 2021 anapeza kuti mwa akuluakulu 100, pafupifupi 9 ali nako. Mwa anthu 100 amene ali nako, 88 ankadziwa. Otsalawo sankadziwa. Ndipo abambo ndi amene ankatsalira m'mbuyo pa kuyezetsa.

Kuno ku Dowa ndi ku Ntchisi chiwerengero n'chotsika poyerekeza ndi maboma a kum'mwera. Koma tisagone tulo. Msewu wa M1 umadutsa pa Mponela ndi pa Madisi. Anthu athu amapita ku Lilongwe, ku maesiteti a fodya ndi ku Joni. Kachirombo sikaona malire a boma.

Mafunso:
1. Kodi munthu woyamba anapezeka ndi HIV liti ku Malawi?
2. Kodi chinachitika n'chiyani mu 2004?
3. Inu mukukumbukira chiyani za zaka zimene kunalibe mankhwala?

PHUNZIRO 3: MMENE KACHIROMBO KAMAFALIRA

Akuluakulu mutikhululukire. M'phunziro lino tilankhula mosabisa mawu, pakuti nkhani yake ndi ya moyo.

Kachirombo ka HIV kamapezeka m'zinthu zinayi: m'magazi, mu umuna, mu ukazi ndiponso mu mkaka wa m'mawere. Kamachoka kwa munthu wina kupita kwa wina m'njira zitatu.

Njira yoyamba ndi kugonana popanda kondomu ndi munthu amene ali nako. Iyi ndiyo njira yaikulu. Munthu akakhala ndi abwenzi ambiri, ngozi imakula. Imakulanso ngati wina ali ndi matenda opatsirana pogonana, monga chindoko, chinzonono kapena mabomu. Zironda za matenda amenewa ziri ngati khomo lotsekula.

Njira yachiwiri ndi kuchokera kwa mayi kupita kwa mwana. Izi zingachitike mwana ali m'mimba, pobadwa kapena poyamwa. Za zimenezi tiwerenga m'phunziro 6.

Njira yachitatu ndi magazi. Lezala limodzi lotemera mphini anthu angapo ndi loopsa. Jekeseni wobayitsa kwa munthu wamba m'mudzi ndi woopsanso. Aliyense akhale ndi lezala lake. Magazi amene amapatsa odwala kuchipatala amayamba ayezedwa, choncho musawaope.

Pali miyambo ina imene imathandiza kufalitsa kachiromboka. Fisi, chokolo ndi kulowa kufa ndi ina mwa iyo. Makolo athu anaiyamba kachiromboka kasanabwere. Lero zinthu zinasintha. Mafumu ambiri analetsa miyambo yotere m'madera mwawo, ndipo lamulo la dziko lino la HIV ndi Edzi la 2018 limailetsanso. Mwambo wabwino ndi umene umasunga anthu ake.

Tsopano tione njira zimene kachirombo SIKAFALIRA. Simungatenge HIV:

pogwirana chanza;
podyera mbale imodzi;
pomwera chikho chimodzi cha thobwa;
pokhala pa mphasa imodzi;
pogwiritsa ntchito chimbudzi kapena bafa limodzi;
potsokomola kapena poyetsemula;
polumidwa ndi udzudzu.

Funso la udzudzu limabwera m'kalasi iriyonse. Bambo wina anandifunsa kuti, "Nanga udzudzu ukaluma wodwala kenaka n'kuluma ine?" Yankho ndi ili. Udzudzu sulavulira magazi a munthu wina mwa inu. Umalavula malovu ake okha, ndipo HIV sikhala ndi moyo m'thupi la udzudzu. Taganizaninso izi: udzudzu umaluma aliyense, ana ndi agogo omwe. Ukanakhala kuti umafalitsa HIV, bwenzi mudzi wonse uli nako. Udzudzu umafalitsa malungo. Gonani m'masikito chifukwa cha malungo.

Mafunso:
1. Tchulani njira zitatu zimene HIV imafalira.
2. Kodi mungatenge HIV podya nsima ndi munthu amene ali nako?
3. Kodi m'mudzi mwanu muli miyambo iti imene ikufunika kusintha?

PHUNZIRO 4: KUYEZETSA MAGAZI

Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Simungadziwe ndi maso ngati munthu ali ndi HIV. Sing'anga sangadziwe. Inu nomwe simungadzidziwe. Njira ndi imodzi basi: kuyezetsa magazi.

Kodi mungayezetse kuti? Pa chipatala chachikulu cha Dowa ndi cha Ntchisi. Pa Mponela, pa Madisi, pa Mvera, pa Mtengowanthenga, pa Malomo, ndi pa zipatala zina zazing'ono zapafupi ndi kwanu. Mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu angakuuzeni malo ndi masiku ake. M'zipatala za boma kuyezetsa ndi kwaulere.

Kodi kumachitika zotani? Mumalowa m'chipinda, inu ndi mlangizi basi. Amayamba wakufotokozerani. Kenaka amabaya pang'ono pa chala natenga kadontho ka magazi. Sizitenga nthawi. Pasanathe theka la ola mumamva zotsatira. Zikaonetsa kuti muli nako, amayezanso ndi zida zina kuti atsimikize. Zotsatira zanu ndi chinsinsi. Wachipatala saloledwa kuuza anthu a m'mudzi.

Palinso tizida todziyezera wekha kunyumba. Ngati mwadziyeza nokha ndipo zaonetsa kuti muli nako, pitani kuchipatala akatsimikize.

Pali chinthu chimodzi choyenera kudziwa. Kachirombo kakangolowa kumene, sikaoneka msanga poyeza. Pangapite masabata angapo, nthawi zina mpaka miyezi itatu. Choncho ngati munagona ndi munthu popanda kondomu posachedwapa, muuzeni mlangizi. Adzakupatsani tsiku lobweranso. Lembani tsikulo. Tsopano mumatha kulemba.

Abambo, mawu awa ndi anu. Ambiri mumati, "Akazi anga anayezedwa ku sikelo, alibe. Ndiye kuti inenso ndiribe." Ayi ndithu. M'banja limodzi wina angakhale nako, wina alibe, ngakhale akhala pamodzi zaka zambiri. Mabanja otere alipo ambiri. Magazi a akazi anu si anu. Pitani nokha, kapena pitani awiri.

Ena amati, "Kuli bwino ndisadziwe, ndingafe ndi maganizo." Mawu amenewa anali omveka kale, kulibe mankhwala. Lero mankhwala alipo. Amene ali pa ngozi ndi amene sakudziwa. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Mukapezeka mulibe, thokozani, ndipo pitirizani kudziteteza. Mukapezeka muli nako, si mapeto a moyo. Werengani phunziro lotsatira.

Mafunso:
1. Kodi chipatala chapafupi ndi kwanu choyezetsera magazi ndi chiti? Lembani dzina lake.
2. N'chifukwa chiyani mwamuna ayenera kuyezetsa ngakhale mkazi wake alibe?

PHUNZIRO 5: MANKHWALA A ARV

Mankhwala a HIV amatchedwa ma ARV. Ena amati mankhwala otalikitsa moyo. Amaperekedwa mwaulere. Munthu akapezeka ndi HIV, amayamba kumwa tsiku lomwelo kapena masiku ochepa otsatira. Sadikira kuti adwale. Akuluakulu ambiri amamwa piritsi limodzi pa tsiku. Ana ali ndi mankhwala awo olingana ndi sikelo yawo.

Kodi ma ARV amachiza? Tinene zoona: samachotseratu kachirombo. Mpaka lero kulibe mankhwala ochotseratu HIV amene mungawapeze kuchipatala, kwa sing'anga kapena pamsika. Chimene ma ARV amachita ndi kuletsa kachirombo kuswana. Tizirombo timachepa kwambiri m'magazi. Asirikali amayambanso kuchuluka. Munthu amapeza mphamvu, amabwerera kumunda.

Koma tizirombo tina timabisala m'thupi. Mukaleka kumwa mankhwala, timadzuka n'kuyambanso kuswana. Ziri ngati kapinga m'munda. Mukamapalira, chimanga chimakula. Mukaleka, kapinga amaphukanso chifukwa mizu ikadali pansi. Choipa china n'chakuti munthu akamadumphadumpha, kachirombo kamazolowera mankhwala, ndipo mankhwalawo amaleka kugwira ntchito.

Choncho sungani malamulo awa:

1. Imwani tsiku liri lonse, nthawi yofanana. Sankhani chizindikiro, monga nkhani za pa wayilesi za m'mawa.
2. Musaleke chifukwa mwayamba kupeza bwino.
3. Musagawane mankhwala ndi munthu wina, ngakhale mwamuna kapena mkazi wanu.
4. Werengani tsiku lobwerera kuchipatala m'kabuku kanu. Pitani mankhwala asanathe.
5. Mukamapita kutali, ku esiteti ku Kasungu kapena ku Joni, uzani achipatala musananyamuke. Adzakupatsani mankhwala okwanira kapena kalata yokatengera kwina.
6. Nyengo ya mvula mitsinje imadzaza ndipo misewu ya m'mapiri imaterera. Konzekani msanga. Amene akumwa bwino amatha kupatsidwa mankhwala a miyezi itatu, mwinanso isanu ndi umodzi.

Masiku oyamba ena amamva mutu, nseru kapena kusowa tulo. Kawirikawiri zimatha zokha. Zikapitirira, kapena mukaona zidzolo pathupi ndi maso achikasu, pitani kuchipatala msanga. Musaleke mankhwala panokha.

Kupemphera n'kwabwino. Koma wina akakuuzani kuti mwachira, tayani mankhwala, musamvere. Anthu ambiri anatisiya chifukwa cha mawu amenewa. Pempherani, ndipo imwani mankhwala anu. Ngati mukumwanso mankhwala a zitsamba, auzeni achipatala.

Pakapita miyezi isanu ndi umodzi, achipatala amatenga magazi kuti aone kuchuluka kwa tizirombo. Pambuyo pake amayeza nthawi ndi nthawi. Mwa anthu amene amamwa mokhulupirika, tizirombo timachepa mpaka makina osationanso. Apa pali nkhani yabwino kwambiri. Munthu amene tizirombo take sitikuonekanso poyeza, ndipo akupitiriza kumwa mankhwala, sapatsira mnzake HIV pogonana. Mwamva? Piritsi lanu likusunga inu, likusunganso mnzanu wa m'banja.

Kafukufuku uja wa 2020 ndi 2021 anapeza kuti mwa anthu 100 amene ankamwa ma ARV m'Malawi, 97 tizirombo tinali titachepa kwambiri. Mankhwalawa amagwira ntchito ndithu.

Achipatala amaperekanso Bactrim woteteza ku matenda ena, ndi mankhwala oteteza ku TB. Mukatsokomola, kutentha thupi, kutuluka thukuta usiku kapena kuonda, kayezetseni TB. TB imachizika. Amayi amene muli ndi HIV, kayezetseninso khansa ya khomo la chiberekero, pakuti imagwira kwambiri amayi otere.

Chakudya sichifuna ndalama zambiri. Nsima, nyemba, soya, nsinjiro, nkhwani, bonongwe, mazira, mango ndi nthochi n'zokwanira. Chepetsani mowa, pakuti woledzera amaiwala piritsi.

Mafunso:
1. Kodi ma ARV amachita chiyani m'thupi?
2. Chimachitika n'chiyani munthu akaleka kumwa?
3. Mungachite chiyani ngati mukupita kukagwira ntchito kutali?

PHUNZIRO 6: MAYI NDI MWANA

Kodi mayi amene ali ndi HIV angabereke mwana wopanda HIV? Inde. M'midzi mwathu muli ana ambiri otere. Ena ali ku sekondale tsopano.

Taonani manambala awa. Mwa ana 100 obadwa kwa amayi amene ali ndi HIV koma sakumwa mankhwala, ana pakati pa 15 ndi 45 amatenga kachirombo. Mayi akamamwa mankhwala bwino, ana otenga sakwana 5. Kusiyana kwake n'kwakukulu.

Mayi woyembekezera achite izi:

Ayambe sikelo msanga, miyezi itatu isanathe. Kumeneko adzayezedwa magazi. Bambo apite nawo.

Akapezeka ndi HIV, ayambe ma ARV nthawi yomweyo. Asaleke atachira. Amwe moyo wake wonse.

Akachirire kuchipatala. Ngati kwanu n'kutali, pitani msanga mukadikirire kuchipatala komweko.

Mwana akabadwa amapatsidwa mankhwala amadzi omuteteza. Mpatseni monga anamwino anenera.

Mwana ayezedwe magazi akakwana masabata 6, kenaka miyezi 12, kenakanso miyezi 24. Lembani masiku amenewa. Musalekere pa kuyeza koyamba.

Nanga kuyamwitsa? Yamwitsani. Miyezi 6 yoyamba mwana ayamwe bere lokha. Asapatsidwe phala, madzi kapena mankhwala a zitsamba. Ikatha miyezi 6, yambani kumpatsa phala ndi zakudya zina, uku akuyamwabe. Chachikulu n'chakuti mayi asadumphe piritsi nthawi yonse yoyamwitsa.

Apongozi ndi agogo, apa tikupempha inu. Mawu anu ndi olemera pakhomo. Musakakamize mayi kumwetsa khanda zinthu zina. Mukumbutseni mankhwala ake. Mdzukulu ndi wanu.

Mayi amene anapezeka alibe HIV ayezetsenso ali woyembekezera ndiponso akuyamwitsa. Akatenga kachirombo nthawi imeneyi, mwana amakhala pa ngozi yaikulu. Abambo, samalani mayendedwe anu pamene mayi ali ndi khanda.

Mafunso:
1. Kodi mwana ayezedwe magazi pa misinkhu iti?
2. Kodi bambo angathandize bwanji mkazi wake woyembekezera?

PHUNZIRO 7: KUDZITETEZA NDI KUSAMALA ANZATHU

Njira zodzitetezera ndi izi.

Achinyamata adikire, asathamangire zogonana. Makolo, lankhulani ndi ana anu. Mukakhala chete, adzaphunzira kwa anzawo zinthu zolakwika. Ofuna kukwatirana ayambe ayezetsa onse awiri.

Apabanja akhale okhulupirika. Nyengo yogulitsa fodya ndi soya ndalama zimakhala m'thumba. Abambo ena amagona pa Mponela masiku atatu, osafika kunyumba. Ndalama zimatha pa sabata imodzi, koma kachirombo kamatsala moyo wonse.

Gwiritsani ntchito kondomu, yatsopano nthawi iriyonse. Kuchipatala amapereka mwaulere. Pa paketi pamalembedwa mwezi ndi chaka chimene imathera mphamvu. Werengani.

Mdulidwe wa abambo wa kuchipatala umachepetsa ngozi yotenga HIV kwa mwamuna, koma suchotseratu. Wodulidwa ayenerabe kudzisamala.

Matenda opatsirana pogonana kachizitseni msanga kuchipatala, nonse awiri.

Kwa munthu amene alibe HIV koma ali pa ngozi yaikulu, kuli mankhwala oteteza otchedwa PrEP. Funsani kuchipatala.

Ngati wina wagwiriridwa, kapena kondomu yaphulika, kuli mankhwala otchedwa PEP. Ayenera kuyambidwa pasanathe maola 72, ndiye kuti masiku atatu, ndipo amamwedwa masiku 28. Musadikire kuti nkhani iyambe yakambidwa kwa amfumu. Thamangirani naye kuchipatala choyamba, makamaka akakhala mwana. Mlandu ukambidwa pambuyo, ndipo wogwirira akanenedwe kupolisi.

Pomaliza, tinene za tsankho. Mayi uja wa m'mawu oyamba ankadumpha mankhwala chifukwa choopa pakamwa pa anthu. Miseche imapha. Munthu akamasekedwa pa mjigo, amabisa mankhwala ake. Amapita ku chipatala chakutali kuti asaonedwe, ndipo tsiku limene alibe ndalama yokwerera, sapita. Lamulo la 2018 lija limaletsa kusala munthu chifukwa cha HIV, kaya kuntchito, kusukulu kapena m'mudzi.

Munthu amene ali ndi HIV ndi mbale wathu. Idyani naye. Limani naye. Msankheni m'komiti ya m'mudzi ngati ali woyenera. Akadwala, msamaleni. Ngati mukukhudza magazi kapena zironda, valani magolovesi kapena pepala la pulasitiki m'manja, kenaka sambani ndi sopo.

Inu amene muli nako, pezani munthu mmodzi wokhulupirika woti mumuuze. Angakhale mkazi kapena mwamuna wanu, mlongo wanu kapena atsibweni anu. Iye adzakukumbutsani mankhwala, adzakuperekezani kuchipatala. Ngati mukuopa kuuza mnzanu wa m'banja, achipatala angakuthandizeni kumuuza. M'madera ambiri muli magulu a anthu amene ali ndi HIV, monga a bungwe la NAPHAM, amene amakumana ndi kulimbikitsana. Mutu umodzi susenza denga.

Mafunso:
1. Kodi munthu wogwiriridwa afike kuchipatala pasanathe masiku angati?
2. Kodi tsankho limamulepheretsa bwanji munthu kumwa mankhwala?
3. Kalasi yanu ingachite chiyani pa 1 Disembala, tsiku lokumbukira za Edzi pa dziko lonse?

NTCHITO YOLEMBA

Tengani kope lanu ndi pensulo. Lembani ziganizo izi, ndipo malizitsani pamene pali mpata:

HIV ndi ............ koma Edzi ndi ............
Njira yodziwira ngati ndiri ndi HIV ndi ............
Ma ARV amamwedwa ............
Chipatala chapafupi ndi kwathu ndi ............
Ine ndidzapita kukayezetsa pa ............ mwezi wa ............

Mukamaliza kulemba, werengerani kabuku kano munthu wina wa pakhomo panu amene sanayambe sukulu ya Kwacha. Muwerengereni phunziro limodzi madzulo alionse. Kenaka mumuuze tsiku limene kalasi yatsopano iyambe m'mudzi mwanu, ndipo mubwere naye.